Phunziro la Ulimi: Zimene Mizu ndi Masamba a Chimanga Amachita pa Nthawi ya Ng'amba

Kuno ku Dzaleka mvula imagwa nyengo imodzi yokha pa chaka, kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Epulo. Ambiri a ife amene tinachokera ku Burundi, ku Rwanda ndi kummawa kwa Congo tinazolowera kulima kawiri pa chaka, moti mbewu ikakanika ulendo woyamba tinkayembekezera wachiwiri. M'boma la Dowa lino mwayi umenewo ali nawo ndi okhawo amene ali ndi dimba. Malo olima nawonso ndi ochepa, chifukwa msasa uno unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu pafupifupi 12,000, koma lero tikupitirira 50,000. Choncho kamunda ka kuseri kwa nyumba, ngakhale kachepe bwanji, n'kofunika kukasamala.

Vuto lalikulu ndi ng'amba, pamene mvula imadula kwa masabata awiri kapena kuposerapo chimanga chili m'munda. Tonse tikukumbukira ng'amba ya mu Febuluwale 2024 imene inabwera ndi El Niño. Pa 23 Marichi chaka chimenecho, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi, ndipo Zambia ndi Zimbabwe nawo analengeza chimodzimodzi. Mvula ikadula chonchi, mafunso amene ndimalandira ndikamayendera minda monga wodzipereka ndi omwewo: Kodi chimangachi chafa? Ndizule ndibzale china? Ndithire fetereza kapena ndidikire? Madzi ochepa amene ndili nawo ndithirire pati? Kuti tiyankhe bwino, tiyenera kudziwa zimene chimanga chimachita chikamva ludzu, pansi pa nthaka ndi pamwamba pomwe.

Ulendo wa madzi mu chimanga

Madzi amalowa kudzera ku mizu, amakwera m'phesi, kenaka amatuluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pa masamba timene maso sangatione. Madzi opitirira 95 pa 100 alionse amene chimanga chamwa amatuluka motere. Sikuti amangotayika pachabe. Akamatuluka amaziziritsa masamba, monga mmene thukuta limaziziritsira thupi, komanso ndi amene amanyamula chakudya cha m'nthaka kupita nacho kumwamba. Timabowo tomweti ndi timene timalowetsa mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene tsamba limaphatikiza ndi madzi ndi kuwala kwa dzuwa popanga shuga. Shuga ameneyu ndiye amakulitsa mizu, phesi ndi njere.

Apa ndiye pagona vuto. Timabowo tikakhala totsekula, chimanga chimapanga chakudya koma chimataya madzi. Tikatsekeka, madzi amasungika koma chakudya sichipangidwa. Zonse zimene chimanga chimachita pa ng'amba zimachokera pa kusankha pakati pa ziwirizi. Bungwe la FAO limati chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 a madzi kuchokera pobzala kufikira pokhwima, malinga ndi mtundu wa mbewu ndi kutentha kwa dera. Koma kagwedwe ka mvulayo n'kofunika kuposa kuchuluka kwake. Chaka chikhoza kukhala cha mvula yambiri, koma ikadula pa masabata olakwika nkhokwe imakhala yopanda kanthu.

Zimene zimachitika pansi

Chimanga chili ndi mizu yamitundu ingapo. Woyamba ndi muzu umene umatuluka m'njere ikamamera, pamodzi ndi timizu tingapo toutsatira. Imeneyi imadyetsa mmera m'masabata oyambirira. Kenaka pamabwera mizu yotuluka pa mfundo za phesi zimene zili pansi pa nthaka, ndipo iyi ndiyo imagwira ntchito yaikulu mpaka pokolola. Pomaliza pali mizu ikuluikulu ija imene timaiona ikutuluka pa mfundo za pamwamba pa nthaka n'kulowa pansi, yochirikiza phesi kuti lisagwe ndi mphepo. M'nthaka yofewa mizu ya chimanga imatha kutsika kupitirira mita imodzi, ngakhale kuti yambiri imakhala kumtunda.

Nthaka ikayamba kuuma, imayambira pamwamba, pansi pakadali chinyezi. Chimanga chimachepetsa kukula kwa masamba ndi phesi, koma nsonga za mizu zimapitiriza kutsika kulondola chinyezicho. Mu 1979, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Lancaster ku England, Robert Sharp ndi William Davies, anaonetsa zimenezi pa chimanga chimene anachimana madzi dala: masamba anasiya kukula koma mizu inapitirira. Pambuyo pake a Sharp anapeza kuti kachigawo ka kunsonga kwenikweni kwa muzu kamatalikabe ngakhale m'nthaka youma kwambiri, ndipo muzuwo umakhala wowonda. Chakudya chochepa chimene chilipo chimagwiritsidwa ntchito yotalikitsa muzu m'malo mounenepetsa.

Kodi muzu umakoka bwanji madzi m'nthaka youma? Ganizirani zimene zimachitika mukawaza mchere pa tomato wodula: madzi amatuluka kutsata mcherewo. Nsonga ya muzu imasonkhanitsa shuga ndi zinthu zina zosungunuka mkati mwake, ndipo timadzi tochepa totsala m'nthaka timakokeka kulowa mu muzu. Pa nthawi yomweyo chimanga chimachulukitsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa abscisic acid, mwachidule ABA. Mankhwalawa amathandiza muzu kupitiriza kukula, ndipo kumasamba amatseketsa timabowo tija.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalepheretsa mizu pa ntchitoyi. Choyamba ndi dothi lolimba gwa limene limapangika pansi pa mizere, pamene khasu limalekezera, munda ukamalimidwa mofanana chaka ndi chaka komanso kupondedwapondedwa. Muzu ukafika pamenepo umapindika n'kumayenda chammbali, ndipo chimangacho chimafota msanga ngakhale pansi pali chinyezi. Chachiwiri ndi kuuma ndi kutentha kwa dothi la pamwamba chimanga chikadali chaching'ono. Mizu ya pa mfundo imayambira pafupi ndi pamwamba pa nthaka, ndiye ikapeza dothi lotentha ngati phulusa nsonga zake zimapsa. Chimanga chotere chimagwa ndi kamphepo kochepa chifukwa chatsamira pa timizu toyamba tokha. N'chifukwa chake tiyenera kubzala mozama masentimita pafupifupi 5 ndi kukwirira bwino.

Zimene zimachitika pamwamba

Chizindikiro choyamba sichioneka msanga: masamba atsopano amasiya kutambasuka. Chimanga chimangoima msinkhu, mfundo zake zimayandikana, ndipo masamba otuluka nthawi imeneyi amakhala aafupi ndi opyapyala. Masamba ochepa amataya madzi ochepa, koma mvula ikabwerera sadzakulanso kufika pamene akanafika.

Chachiwiri ndi kupindika kwa masamba, kumene anzathu a kuno amati chimanga chasanduka anyezi. Pamwamba pa tsamba pali timizere ta tizigawo tokhala ngati timatumba ta madzi. Timatumbati tikaphwa, tsamba limadzikulunga, mbali yowombedwa ndi dzuwa ndi mphepo imachepa, ndipo madzi otuluka amachepanso. Mtundu wa tsamba umasintha kuchoka pa kubiriwira kowala kukhala wotuwira. Kupindika kwa masana okha ndi njira yodzitetezera, ndipo sikutanthauza kuti chimanga chafa.

Ng'amba ikapitirira, masamba a m'munsi amayamba kuuma kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Chimanga chimachotsa chakudya m'masamba akale n'kupatsa atsopano. Zikafika poti masamba a kumtunda nawo ayera ndi kuuma ngati pepala, ndiye kuti kutentha kwapha tsambalo, ndipo mbali imeneyo sidzabwereranso.

Msinkhu wa chimanga ndi umene umanena za zokolola

Ng'amba ya masiku ofanana imapweteka mosiyana malinga ndi msinkhu umene yapeza chimanga.

Chimanga chaching'ono, chosafika m'mawondo, n'cholimba kuposa mmene chimaonekera. Mpaka chitakhala ndi masamba pafupifupi 6 otambasuka, mtima wake, pamene pamachokera masamba atsopano, umakhala ukadali pansi pa nthaka. Masamba akhoza kupsa, koma mtima ukakhala wamoyo chimaphukanso mvula ikagwa.

Kuchokera m'mawondo kufika m'chiuno ndi m'mapewa, chitsononkho chimakhala chikupangika mkati ngakhale sitichiona. Apa ndi pamene chimanga chimakonza kuchuluka kwa mizere ya njere ndi kutalika kwa chitsononkho. Ng'amba ya nthawi imeneyi imabweretsa zitsononkho zazing'ono, komabe kanthu kamapezeka.

Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi ya ngayaye ndi ndevu, kuyambira masabata awiri ndevu zisanatuluke mpaka masabata awiri zitatuluka. Ngayaye ndi mbali yaimuna, imene imawaza mungu. Ndevu ndi mbali yaikazi, ndipo ulusi uliwonse wa ndevu umalumikizana ndi malo a njere imodzi. Ulusi umene sunalandire mungu, njere yake palibe. Ndevu ndi zamadzimadzi ndipo zimafuna madzi ambiri kuti zitalike n'kutuluka m'makoko. Madzi akasowa, ngayaye imatuluka pafupifupi pa nthawi yake n'kuwaza mungu kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene ndevu zimachedwa. Zikamadzatuluka zimapeza mungu watha. Dzuwa likatentha kwambiri mungu nawo umafa msanga. Ichi ndicho chifukwa chake nthawi zina timaona mapesi atali obiriwira bwino mvula itabwerera, koma posenda tikupeza njere zowerengeka kapena chitsononkho chopanda kanthu.

Akatswiri a bungwe la CIMMYT ku Mexico, monga Jorge Bolaños ndi Gregory Edmeades, anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ankasankha chimanga chimene ndevu zake sizichedwa kwambiri ngakhale chitamanidwa madzi, n'kumachibzalanso mibadwo ingapo. Mbewu zambiri zopirira ku ng'amba zimene zili m'chigawo chino cha Africa zinachokera ku ntchito yotere, kuphatikizapo ZM 309 ndi ZM 523 zimene zinakhazikitsidwa m'Malawi muno mu 2009.

Pomaliza pali nthawi yokhwimitsa njere. Ng'amba ikagwa njere zikadali zamkaka, za kunsonga kwa chitsononkho zimafota chifukwa chakudya chimayamba kufika ku njere za kutsinde. Ikagwa mochedwerapo, njere zimakhalapo koma zopepuka. Chimanga chimene chavutika ndi ng'amba ndi kutentha chimagwidwanso mosavuta ndi chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, choncho pokolola muzipatula zitsononkho zachuku, osadya ndiponso osapatsa ziweto.

Njira zinayi zofufuzira munda wanu

Yoyamba, pitani kumunda mmamawa dzuwa lisanatuluke. Ngati masamba atambasuka usiku, mizu ikupezabe madzi ndipo chimangacho chikhoza kudikira mvula. Ngati ali opindika ngakhale mbandakucha kwa masiku angapo otsatizana, chavutika kwambiri.

Yachiwiri ndi ya chimanga chaching'ono. Zulani mapesi atatu kapena anayi m'malo osiyanasiyana, muwang'ambe pakati ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka kutsinde. Mtima ukakhala woyera kapena wachikasu pang'ono ndi wolimba, chili moyo. Ukakhala wofewa ndi woderako, chafa. Mvula ikagwa dikirani masiku atatu mpaka asanu muone ngati tsamba latsopano likutuluka musanaganize zozula.

Yachitatu, kumbani pambali pa phesi limodzi mpaka mutapeza pamene mizu yalekezera. Mizu yoyera yoloza pansi ndi chizindikiro chabwino. Mukapeza yapindika n'kuyenda chammbali pa malo amodzi, munda wanu uli ndi dothi lolimba lija, ndipo mwadziwa ntchito ya chaka chamawa.

Yachinayi ndi ya pamene ndevu zayamba kuuma. Thyolani chitsononkho chimodzi, musende makoko mosamala osadula ndevu, kenaka muchigwedeze pang'ono. Ndevu zimene zalandira mungu zimathothoka zokha. Zimene zakanirira ndiye kuti njere zake sizinapangike. Mukatero mudziwiratu zimene mudzakolole, ndipo banja likhoza kukonzekera nthawi ikadalipo.

Madzi ochepa tithirire pati?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Chimanga chimene chikumasula chimamwa mamilimita 5 mpaka 7 pa tsiku kukatentha. Pa kabzalidwe ka Sasakawa, ka njere imodzi pa phando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi masentimita 75 pakati pa mizere, pa malo amenewa pamakhala mapesi asanu. Ndiye kuti phesi lililonse limafuna lita imodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Kamunda ka mamita 5 mbali zonse kangafune malita 125 mpaka 175, zimene ndi zigubu za malita 20 zokwana 7 mpaka 9 tsiku lililonse.

Tonse tikudziwa mizere ya pa mjigo, ndipo madzi akumwa ndi ophikira ndiwo oyamba. Choncho kuthirira munda wonse n'kosatheka kwa ambiri a ife. Malangizo anga ndi awa. Musathere mphamvu zanu pa chimanga chaching'ono chimene chikutambasukabe mmawa. Sungani mphamvuzo kuti zidzagwire ntchito ngayaye zikayamba kuoneka. Sankhani mizere yochepa imene ili ndi mapesi amphamvu, muithirire mokwanira, kusiyana ndi kuwaza timadzi munda wonse. Thirani patsinde madzulo kapena mmamawa, madzi ambiri kamodzi pa masiku atatu kapena anayi kuti alowe pansi. Timadzi ta tsiku ndi tsiku timangonyowetsa pamwamba, timauma ndi dzuwa, ndipo mizu imazolowera kukhala kumtunda. Madzi otsukira ndiwo zamasamba kapena mpunga ndi abwino, koma a sopo wambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala amawononga mizu.

Zoyenera kupewa mvula ikadula

Musathire fetereza pa nthaka youma. Fetereza ali ngati mchere uja: m'malo modyetsa mbewu amakoka madzi kuchoka ku mizu n'kuiwotcha. Urea wosiyidwa pamtunda amathanso kuuluka ngati mpweya, ndalama n'kupita pachabe. Dikirani mvula inyowetse nthaka, mubowole kadzenje pambali pa phesi, muthire ndi kukwirira.

Musabandire kapena kupalira mozama pa ng'amba. Khasu limadula mizu imene chimanga chikudalira, komanso limatembenuzira dothi lachinyezi ku dzuwa. Udzu uyenera kuchoka ndithu chifukwa umalimbirana madzi ndi chimanga, koma uzuleni ndi manja kapena kuupala pamwamba chabe, n'kuugoneka pakati pa mizere kuti uphimbe nthaka.

Musathothole masamba obiriwira kuti mupatse mbuzi kapena akalulu, makamaka amene ali pafupi ndi chitsononkho ndi kumtunda kwake, pakuti ndiwo amadyetsa njere. Muziyang'ananso m'mitima ya chimanga kawirikawiri, chifukwa mbozi za ntchemberezandonda zimasakaza kwambiri mbewu yofooka ndi dzuwa.

Kukonzera mizu njira

Akuluakulu a kuno amati mmera m'poyamba. Zambiri zothandiza chimanga pa ng'amba zimachitika mbewu isanalowe pansi. Ngati mwapeza dothi lolimba lija, liswani ndi piki kapena khasu lalitali m'chilimwe, kuzama masentimita 30, ndipo pambuyo pake musamaponde pamene mumabzala. Thirani manyowa okhwima kapena kompositi, chifukwa nthaka ya manyowa imasunga madzi nthawi yaitali. Mapesi ndi udzu musatenthe: phimbirani nthaka kuti isatenthe ndi kuuma msanga, monga amachitira pa ulimi wa mtayakhasu. Ngati mumalima mizere, ikhale yopingasa malo otsetsereka, ndipo mutseke m'makwalala ndi timizere todutsa kuti madzi a mvula aziima n'kulowa pansi. Pa kamunda kakang'ono, kubzala m'maenje othira manyowa kumathandizanso kukolola madzi.

Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, imene yanyowetsa nthaka mozama. Musathithikize mbewu, chifukwa mapesi ambiri pa phando limodzi amalimbirana madzi omwewo. Sankhani mbewu yocha msanga kapena yopirira ku ng'amba, yogula kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo funsani alangizi a zaulimi kuti ndi iti yoyenera dera lino. Ngati malo alola, bzalani mitundu iwiri yosiyana nthawi yokhwima, kuti ng'amba imodzi isapeze munda wonse uli pa ngayaye. Muzimveranso pa wailesi zimene a nthambi yoona zanyengo amalengeza mvula isanayambe.

Nanga chimanga chikafadi? Ngati ndi mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, mbewu yocha msanga ikhoza kupulumukabe. Kukachedwa kuposa apo, ndi bwino kubzala mbatata, khobwe kapena nyemba kusiyana ndi kutaya mbewu ina ya chimanga imene mvula idzaisiye panjira.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene zingakuuzeni kuti chimanga chopindika masamba chikadali moyo?
2. N'chifukwa chiyani ng'amba ya pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu imawononga kuposa ya chimanga chaching'ono?
3. Mutakhala ndi zigubu ziwiri zokha za madzi othirira pa tsiku, mungazigwiritse ntchito bwanji?
4. Kwanu kumene munachokera munkasunga bwanji chinyezi m'munda, ndipo ndi njira ziti zimene zingagwire ntchito kuno?

Ndikupempha gulu lililonse kuti sabata ino likumbe pambali pa phesi limodzi m'munda wa mmodzi wa inu, muyeze pamene mizu yalekezera ndi kulemba masentimita ake. Amene mumawerenga Chichewa, chonde fotokozerani anzanu a Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda zimene zili m'phunziroli, ndipo mubwere ndi zimene mwapeza ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu.